Chinayamba n'chiti, ndudu kapena matenda?

Pa bawo la pafupi ndi msika wa Zomba mkangano unali wa fodya. Bambo wina wachikulire anati mphwake wagonekedwa ku chipatala cha matenda a m'maganizo, ndipo zomusokoneza mutu ndi ndudu. Mnzake anakana: "Ayi achimwene, munthu amayamba kusuta mtima utavutika kale."

Namwino amene ankadikira minibasi anaikapo mlomo. "Bambo, mukawerenga odwala lero n'kupeza ambiri akusuta, simungadziwe chinayamba n'chiti. Mumayamba ndi anthu ali bwinobwino, kulemba amene akusuta ndi amene sakusuta, kenako n'kudikira zaka."

Ananena zoona. Ku Christchurch, m'dziko la New Zealand, ofufuza anatenga ana 1,265 obadwa mu 1977 n'kumawafunsa mpaka kukula, zimene zinawapatsa mpata woona chimene chinatsogola. Mu 2015 akatswiri a ku King's College London anasonkhanitsa zofufuza zambiri n'kupeza kuti mwa anthu 100 aliwonse ofika kuchipatala atasokonezeka mutu koyamba, 57 anali osuta kale. Zimenezi zinafooketsa maganizo akale akuti mankhwala a kuchipatala ndi amene amawasutitsa.

"Nanga chamba? Nanga kachasu?" anafunsa bambo uja. Kwa ine funso lenileni linali limeneli. Wosuta fodya nthawi zambiri amakhudzanso zinazi, mwina anakulira m'mavuto, ndiye mlandu ukhoza kugwera ndudu pamene wolakwa ndi wina. N'chifukwa chake ku Sweden anayerekezera ana a bere limodzi, ngakhale mapasa, wina wosuta wina ayi, popeza magazi ndi khomo lokulira n'zimodzi. A ku yunivesite ya Bristol anadzera ku chibadwa: mwa anthu oposa 460,000 a ku Britain anayang'ana majini (genes) okokera munthu ku fodya, amene munthu sasankha ndipo umphawi suwasintha. Anapeza umboni woti kusuta kumawonjezera mpata wodwala matenda osokoneza mutu otchedwa schizophrenia ndi matenda okhumudwa kwambiri, komanso kuti okhumudwa amakokeka kusuta. Ndiye kuti onse awiri pa bawo paja anali ndi mbali yawo.

Chondivuta n'chakuti anthu a ku Britain aja anali azungu, ndipo limodzi mwa mafunso a kumeneko linali lakuti ndudu zingati pa tsiku. Wofufuza wa kuno afunika kufunsanso za chingambwe chopichirira m'pepala, chimene mwini wake sachiwerenga n'komwe.