Chitamando cha Wobwereka Wosabweza

Pakati pa anthu onse amene dziko limawalakwira powamana ulemu wowayenera, palibe amene wanyozedwa nthawi yaitali, kapena kudyedwa miseche yochuluka pa makonde ndi m'misika, koposa munthu uja amene amafika panyumba panu dzuwa litapendeka, nakhala pampando modzichepetsa, nafunsa za moyo wa ana ndi wa mayi a kunyumba, ndipo potsanzika, diso lake litagwera pa kabuku kamene mwakasunga mosamala pa alumali, amanena ndi mawu ofatsa kuti, "Achimwene, tandibwerekaniko aka, ndibweza Loweruka." Loweruka limenelo, monga tidziwa tonse kuno ku Milange, silinalembedwe pa kalendala ya boma ngakhale ya mpingo. Komabe ine ndatsimikiza mtima kuimirira pabwalo ndi kumunenera munthu ameneyu, pakuti mlandu wake waweruzidwa kawirikawiri mwini wake palibe, ndipo oweruza ake akhala ali omwewo odandaula.

Katundu amene wautsa mlanduwu masiku ano ndi timabuku ta zithunzi ta ku Japan totchedwa manga, timene amatiyamba kumene ife timatsirizira buku, nawerenga kuchokera kudzanja lamanja kunka kumanzere, kotero kuti mkulu wosadziwa akaona mdzukulu wake akuwerenga amayesa kuti sukulu yamusokoneza mutu. Anyamata athu anayamba kuwadziwa Goku ndi Naruto m'tinyumba ta mavidiyo, ndipo atamva kuti nkhanizo zinayambira pa pepala, mtima wofuna kusonkhanitsa timabukuto unawagwira osadziwa kukula kwa phiri limene anafuna kukwera. Nkhani ya Goku yotchedwa Dragon Ball, imene Akira Toriyama anaijambula kuyambira 1984 kufikira 1995, inadzaza mabuku 42. Ya Naruto, ya Masashi Kishimoto, inayenda kuyambira 1999 kufikira 2014 nidzaza mabuku 72. Ndipo ya One Piece, imene Eiichiro Oda anaiyamba mu 1997, inapitirira kale mabuku 100 ndipo mwini wake sanaike cholembera pansi. Tsono m'mudzi wathu uno, mmene sitolo zimadziwa za shuga, malata ndi matayala a njinga, ndani angakhale nazo zonsezi? Uyu ali ndi buku lachisanu ndi chiwiri m'Chipwitikizi cha ku Brazil, limene mlamu wake anadza nalo kuchokera ku Nampula. Uyo ali ndi lachikhumi ndi chinayi m'Chingerezi, limene linabwera m'chikwama cha malume ochokera ku Johannesburg. Wina ali ndi theka la buku losadziwika nambala, chifukwa chikuto chinapita kale. Aliyense akadakhala mwakachetechete ndi chake, atachitsekera m'sutukesi pansi pa bedi, sipakadapezeka ngakhale mwana mmodzi pansi pa phiri la Tumbine wodziwa mmene nkhaniyo inayendera. Amene amalumikiza ziwalo zomwazikazi, osalandira malipiro ngakhale zikomo, ndi wobwereka wosabweza.

Taonani ntchito yake mmene ikulira. Milange ndi mudzi wa m'malire, kumene munthu amayenda ndi metikali m'thumba lina ndi kwacha m'thumba lina, ndiponso kumene chimanga ndi nyemba zimaoloka pa Muloza pa njinga zolemedwa mpaka kupindika. Zonsezo ali nazo ozilemba ndi ozilipiritsa msonkho; koma kabuku kamene mnzathuyu wakapinda m'thumba la kumbuyo kamaoloka popanda chiphaso, kakagona ku Limbuli kwa msuweni wake, kamene msuweniyo amakabwereketsa kwa mnzake wa ku sekondale ku Mulanje, ndipo patapita miyezi kamabwerera tsidya lino ndi munthu wina wake, kakumka ku Majaua kapena ku Mongue kumene mwini wake sanapondeko chibadwire. Mwana wophunzira m'Chipwitikizi amakakamizika kulimbana ndi Chingerezi kuti adziwe amene wapambana nkhondo, ndipo mnzake wa tsidya lija amaphunzira mawu a Chipwitikizi amene mphunzitsi sakadamuuza; maboma awiri, ndi nduna zawo za maphunziro, akadafuna kuchita zimenezi akadayamba ndi misonkhano ya m'mahotela, koma iye amazichita ndi bodza limodzi lokha la Loweruka.

Odandaula amati munthuyu amaononga chuma cha anzake, ngati kuti buku losungidwa lili pa mtendere. Ndikadakonda kuti iwo atsegule masutukesi awo pamaso pa mboni. Dziko lathu lino ndi la mvula ndi chiperoni, nchifukwa chake Apwitikizi analiona loyenera minda ya tiyi. Koma chinyezi chimene chimakondweretsa tiyi chimamatiza masamba a buku nkuwameretsa nkhungu, ndipo chimene chinyezi chasiya, chiswe chimadzatsiriza usiku popanda kuodira, mphemvu ndi njenjete zikutola zotsala. Palinso adani a m'nyumba momwemo, amene sitiwatchula mokweza: mayi ofuna pepala loyatsira mbaula mmawa, mlongo wokulunga mandasi a malonda, ndi agogo amene amati pepala la ku Japan ndi lofewa bwino popichirira fodya. Makolo anati kupatsa ndi kuika, ndipo monga munthu wanzeru amaikiza nkhuku zake kwa abale a m'midzi ina kuti chitopa chikadza zisathere pamodzi, chomwechonso amene mabuku ake ali m'manja mwa obwereka khumi sadzawataya onse tsiku limodzi, ngakhale kuti mwina sadzawaonanso. Ife a ku Milange, amene mudzi wathu unatsala bwinja mu 1986 anthu atathawira tsidya la Malawi, ndipo tinaonanso mmene madzi a namondwe Freddy anachitira m'dera lino mu 2023, sitifunika kuphunzitsidwa ndi mlendo kuti chuma chounjika pamodzi sichikhalitsa.

Ndidziwa kuti alaliki adzanditsegulira Masalimo, mmene wobwereka wosabweza anaikidwa m'gulu la oipa, ndipo sindikana kuti zinalembedwa; ndingokumbutsa kuti Davide anali mfumu, ndipo mafumu sasowa mabuku. Koma atsegulenso buku lachiwiri la Mafumu aone ana a aneneri akudula mitengo m'mbali mwa Yordano, pamene nkhwangwa ya mmodzi wa iwo inaguluka nigwera m'madzi, ndipo iye analira chifukwa inali yobwereka. Elisa sanamudzudzule kuti unabwerekeranji, koma anayandamitsa chitsulo, ndipo chimodzi cha zozizwitsa zokoma za m'Chipangano Chakale sichikadachitika munthu uja akadakhala ndi nkhwangwa yakeyake. Makolo athu, osawerenga za Elisa, anaona okha kuti nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka, koma sanaleke kubwerekana nkhwangwa. Ndipo Paulo mtumwi, ali m'ndende atakalamba, analembera Timoteo kuti amutengere chofunda ndi mabuku amene anawasiya kwa Karpo ku Trowa; ngati Karpo anapereka mabukuwo, kapena anayankha kuti ali kwa mphwake ndipo abwera nawo Loweruka, Malembo anakhala chete, ndipo kukhala chete kumeneko ine ndimakuyesa chifundo chimene ifenso tiyenera kuphunzira.

Ngakhale ku Japan komweko, timabukuti tinaleredwa pamsana pa obwereka. Itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, anthu ali pa umphawi wosatha kugula buku, munali m'mizinda timasitolo tambirimbiri tobwereketsa mabuku pa kandalama kochepa, ndipo m'zaka za m'ma 1950 ojambula ena amene pambuyo pake anatchuka, monga Shigeru Mizuki, anadya nsima yawo pojambulira timasitolo timeneto. Magazini ya Shonen Jump, imene inayamba mu 1968 ndipo mu 1995 inafika posindikiza makope oposa 6 miliyoni pa sabata, inasindikizidwa pa pepala lotsika mtengo loti munthu awerenge nkupatsira mnzake, kapena kulisiya pa mpando wa sitima kuti wina alitole. Kusiyana kwake nkwakuti obwereka a ku Japan ankalipira ndi kubweza pa tsiku lake, chimene ine ndimachiona ngati kuperewera kwa chikhulupiriro mwa mnansi; wathu wa kuno amatenga kwaulere, podziwa kuti pakati pa abale sipawerengedwa masiku.

Za luso lake la pakamwa ndiye ndingalembe buku lina, ngati ndikadakhala ndi chitsimikizo chakuti lidzakhala pa alumali langa. Mukakumana naye pamsika, amayamba ndi iye kukumbutsa za kabukuko, nadziguguda pachifuwa kuti dzulo lomweli anali nako m'manja akubwera kwanu, koma mvula inamubweza panjira poopa kuti kanganyowe. Mwezi wotsatira kali kwa aphunzitsi, amene sikungakhale ulemu kuwalonjerera. Mwezi winawo amakuyang'anani ndi nkhope ya chisoni nkufunsa ngati simunakalandire, popeza anatuma mwana. Pomutsata, mwini buku amayenda maulendo amene sakadayenda, amadziwa makomo a anthu amene sakadawadziwa, amapatsidwa mpando ndi chinangwa chootcha, ndipo ndamvapo za mabanja amene chiyambi chake chinali mnyamata wokalonjerera Naruto wake nakapeza mlongo wa wobwereka akusinja pabwalo. Tsiku lina, mtima ukamutsutsa, mnzathuyu amabweza ndithu, koma amabweza buku lina la munthu wina, ndipo umo ndi mmene malonda onse osinthana manga amayendera kuno, popanda sitolo ngakhale mlembi. Likabwera lenileni lija, limabwera lopanda masamba anayi omaliza. Ana amakhala pansi pa mango nkumakangana za mmene nkhondoyo inathera, aliyense akupeka mathero ake, ndipo ena mwa mathero amenewo ndimawayesa oposa a mwini nkhani.

Koma tsopano kwadza mdani amene afuna kumulanda wobwereka wathu udindo wake, ndiye makina owerengera mabuku. Kampani ya Amazon inatulutsa Kindle mu 2007, kachipangizo kopyapyala kotha kunyamula mabuku ambirimbiri. Kuno sikaonekaoneka, pakuti Kindle wathu ndi foni ya Tecno kapena Itel yong'aluka galasi, yokhala ndi memole khadi yaing'ono koposa chikhadabo. Mnyamata amagula bandulo ya Movitel kapena Vodacom, kapena amaima pamene netiweki ya Airtel ndi TNM imaolokera mtsinje, nakopera nkhani yonse usiku umodzi. Kuyambira 2019 kampani ya Shueisha, imene imasindikiza Shonen Jump, imaika mitu yatsopano pa Manga Plus kuti anthu a maiko ambiri awerenge kwaulere. Mmawa mnyamata uja amagundanitsa foni ndi mnzake, natumizirana pa Xender, ndipo taonani chonyansa chake: wopatsa sataya kanthu, wolandira sakhala ndi ngongole, palibe woyenera kuzemba mnzake pamsewu, palibe wopita kukalonjerera, ndipo palibe chinangwa chootcha. Mphatso yotani imene woipereka atsala nayo? Ndiponso chithunzi chimene wojambula anachitambasula pa masamba awiri kuti mtima wa wowerenga udumphe, pa foni chimafinyidwa mpaka munthu achikodole ndi zala ziwiri, ndipo pofika pamene mdani wasolola lupanga, batire imatha, nkhani nkukagona kwa ometa tsitsi kumene amatchajitsa mafoni.

Amene amagula mabuku a m'makinawa mwachilungamo asadzitame kuti apulumuka, pakuti chimene agula ndi chilolezo chowerenga, ndipo mwini weniweni amakhala kutsidya kwa nyanja. Mu July 2009, Amazon inafufuta m'makina a anthu mabuku awiri a George Orwell, 1984 ndi Animal Farm, itapeza kuti amene anawagulitsa analibe ufulu wotero. Ndalama inabweza, ndipo mkulu wake wa nthawiyo Jeff Bezos anapepesa poyera, koma anthu anadzuka mmawa napeza buku limene anagona akuwerenga litachoka m'nyumba zotseka. Wobwereka wathu sanachitepo zotero. Iye amaodira pakhomo, amakupatsani moni wa manja awiri, amatenga buku inu mukuona, ndipo mukudziwa kumene amakhala.

Ndinayamba kuda nkhawa kuti mtundu wolemekezekawu utha, ndi kuti adzukulu athu adzangomva mbiri yake. Koma ndinapeputsa nzeru zake. Poona kuti timabuku tapepala tikuchepa, iye sanadandaule kapena kutemberera nyengo, koma anakweza udindo wake. Masiku ano amafika dzuwa litapendeka monga kale, nafunsa za ana ndi mayi a kunyumba, ndipo amapempha memole khadi kuti akangokopera usiku umodzi, pakuti foni yake yadzaza. Ndipo iye amene kale ankachoka ndi buku limodzi m'thumba la kumbuyo, tsopano amachoka ndi mabuku onse 72 a Naruto, a One Piece pamwamba pake, nyimbo za kwaya, ndi zithunzi za ukwati wanu, zonse atazikulunga m'kapepala nkuziika m'bokosi la machesi. Olimba mtima koposa amabwereka ndi tchaja yomwe.