Ndege Idzatera mu Nandolo

(Khasu likugunda pansi. Nkhuku zikutetera, ng'ombe ikulira chapatali.)

NAPHIRI: Alamu! A Joni! Taimikani kaye khasulo. Nandolo wanga wakulakwirani chiyani?

JONI: Sunthani mwendo, alamu. Mwaponda pothamangira ndege.

NAPHIRI: Ndaponda m'munda mwa malemu mayi anga.

JONI: Unali munda mpaka Lachisanu. Simunawaone anyamata aja a zipewa zachikasu ndi chimakina chawo cha miyendo itatu? Anayeza kuyambira pa mango apo mpaka kukafika kudambo. Madzulo ake omwewo pa wailesi nkhani inali ya ndalama zomangira mabwalo ang'onoang'ono a ndege. Munthu woyenda sachita kuuzidwa kawiri. Mikolongwe International, alamu!

NAPHIRI: Nanga nthochi zamera usiku umodzi m'malire mwangazi?

JONI: Tsitsani mawu. Chimenecho ndi chipukuta misozi. Boma likamatenga malo limawerenga mtengo uliwonse, khola lililonse, ngakhale chimbudzi. Ndakumba ziwiri kuseriko.

NAPHIRI: Ziwiri! Zaka zonsezi alangizi a zaumoyo akukukalipirani, inu nkumabwereka changa m'mawa uliwonse, lero ndege yakukumbitsani ziwiri?

JONI: Chitukuko chimayamba choncho.

NAPHIRI: Ndipo ndalamazo zitati zabweradi, mkamwini alandira za malo a yani? Inu kwanu ndi ku Namitambo. Kuno munafika ndi bulangeti ndi wailesi basi. Cheke adzalemba dzina la achemwali anga, inu ntchito yanu idzakhala kuwanyamulira ambulera popita ku banki.

JONI: Nkhani za ndege zimafuna munthu woti anakwerapo. M'mudzi muno ndani wina anaonapo mitambo ili kunsi kwa nsapato zake?

NAPHIRI: Tikiti anakugulirani ndani paja?

JONI: Anthu akuluakulu. Mwaulemu wake.

NAPHIRI: Kuchokera ku Lindela! Anakugwirani mulibe mapepala, nkukubwezani ndi jumbo imodzi, m'katimo muli mswachi ndi sokosi.

JONI: Koma ndinatsika pa masitepe. Ngwazi nayo pa 6 July 1958 inatsika pa masitepe pa Chileka, anthu akululutira. Tinangosiyana chipewa ndi litchowa.

NAPHIRI: Ndi mapepala. Iye anali nawo, a udokotala.

JONI: Nsanje idzakuphani, alamu. Ndege ikadzayamba kutera pano mudzagulitsa mkaka kwa azungu, mazira a Mikolongwe adzadyedwa ku London. Ine ndidzaima pageti nditavala chipewa cha mlomo. Mukadzafuna kudutsa kupita kumjigo mudzandionetsa chiphaso.

NAPHIRI: Chabwino, bwana wa pageti, tiyeni tiwerenge. Kabwalo kanuko kadzakhala kotalika bwanji?

JONI: Kakang'ono, koterapo tindege ta anthu ochepa. Tinene mamita 1,000 m'litali, 100 m'lifupi.

NAPHIRI: Mahekitala 10 amenewo. M'Chiradzulu muno, moti munthu ukadziwongola pang'ono wathyola chimanga cha mnzako? Asamuke mabanja angati? Apite kuti, pamwamba pa phiri? Manda nawo muwasenza pamutu?

JONI: Amenewo ndi ochepa. Msewu wa ndege wa pa Chileka umapitirira makilomita 2. Wa ku Lumbadzi, pabwalo limene anatsegula mu 1983, umapitirira 3. Ndipo malo ndi chiyambi chabe. Phula lake si la msewu wa Midima ili, liyenera kupirira chindege chikagwa ndi mphamvu zonse. Ndiye mpanda kuzungulira konse, nyali, galimoto yozimitsa moto, ambulansi, thanki ya mafuta, oona zanyengo, olankhula ndi woyendetsa ali m'mwamba, onsewo malipiro mwezi ndi mwezi...

NAPHIRI: Pitirizani, mukundithandiza. Chuma chonsecho chothira pa udzu! Timabwalo timeneti ndinationako ine. Udzu, mbuzi, kansalu kolendewera pamtengo kakuuluzika ndi mphepo, ndege mwa apo ndi apo. Angotigawa anthu alimepo chimanga.

JONI: Eya! Ndi zimene amanena pa wailesi zija! Amati bwalo likangogawidwa silibwereranso. Lero mukuona udzu, koma kuti mupeze udzu wina wotalika choncho, wosalala, wopanda nyumba, mudzalipira midzi yathunthu. Taonani ku Mzuzu. Bwalo lili pakati pa tauni, nyumba zalizinga, latsopano akhala akulonjeza, maboma kumasinthana, lonjezo lili pomwepo.

NAPHIRI: Taimani. Pa wailesipo amati amanga latsopano, kapena amati kumanga latsopano nkodula ndiye tisamale akalewa?

JONI: Mabatire anatha pakati pa nkhani.

NAPHIRI: Mayo ine! Nandolo wanga wafera mabatire!

JONI: Koma mutu wake ndinaugwira.

NAPHIRI: Munagwira mchira. Ndiuzeni, amatera pamenepo ndani? Alendo opita kukasambira ku Makokola, ndi mabwana a shuga ku Nchalo ndi ku Dwangwa. Ine wa mkaka wa pa njinga, ndege indithandiza chiyani? Ingodzidzimutsa ng'ombe yanga mkaka nkuuma.

JONI: Alendowo amadya chiyani akatera? Mphepo? Woperekera zakudya ku hotela ndi mwana wa munthu, wogulitsa tomato ndi mnzanu. Nanga ku Likoma? Chilumba chili pakati pa nyanja. Munthu akadwalika, mumuuze adikire tsiku la Ilala? Kumeneko kabwalo ndi msewu wawo.

NAPHIRI: Kuno si chilumba.

JONI: Mu March 2023 sichinali chilumba?

(Kachetechete. Nkhuku imodzi ikutetera.)

NAPHIRI: Za namondwe Freddy musaseke nazo, alamu. Kwa Ntauchira ndi pompano apa. Tinalira maliro ife.

JONI: Sindikuseka, inenso ndinagwira khasu kumeneko. Ndikufunsa za azakhali anu a ku Nkhulambe. Milatho itakokoloka ku Phalombe ndi ku Mulanje, ufa unawafika pa minibasi?

NAPHIRI: Unabwera pa helikopita.

JONI: Zina zinachokera ku Tanzania, zina ku Zambia.

NAPHIRI: Koma helikopita imatera paliponse! Pabwalo la mpira la pasukulu yatera. Sifuna mahekitala anu 10.

JONI: Mafuta imamwera kuti? Imafola pamzere ku Limbe limodzi ndi akabaza? Imagona kuti? Ikatsokomola amaikonzera pansi pa mango?

NAPHIRI: Hmm. Pamenepo mwayankhulako ngati munthu wa mapepala.

JONI: Bwerezani, akazi anga amve.

NAPHIRI: Sindibwereza. Ndipotu nkhani yeniyeni simukuidziwa. Mwana wanga wa ku Ndata uja, wa pa MUST...

JONI: Wosapereka moni uja.

NAPHIRI: Amapereka kwa anthu osabwereka chimbudzi. Iye anandiuza za ku Kasungu. Kabwalo ka kumeneko kanangokhala phee, anthu nkumati nkopanda ntchito. Mu 2017 boma ndi a UNICEF anakasandutsa poyesera madroni, tindege topanda munthu m'kati tija, kuuluka makilomita 40 mbali zonse. Amayesa kunyamula mankhwala ndi magazi okayezetsa, komanso kujambula malo osefukira madzi. Pofika 2020 anatsegula sukulu yake, ana a ku Malawi kuno nkumapanga okha tindegeto.

JONI: Ndiye mukutsutsa kapena mukuvomereza?

NAPHIRI: Ndikutsutsa inuyo. Kabwalo ka ku Kasungu ndilibe nako mlandu.

JONI: Koma mwangonena kumene kuti agawe alimepo chimanga.

NAPHIRI: Ndinati ena. Enanso ayi. Musandipanikize m'munda mwanga momwe.

JONI: Mwagonja! Bweretsani khasu lanu tithandizane kuzula chitsa icho, anyamata a zipewa asadzatipeze tisanamalize.

NAPHIRI: Sabweranso amenewo. Ndi ana a sukulu ya ntchito zamanja, amaphunzira kuyeza malo. Anandipempha madzi akumwa, aphunzitsi awo anapepesa potiponderako mizere.

JONI: Mwati chiyani?

NAPHIRI: Ana a sukulu.

JONI: Munadziwa kuyambira Lachisanu?

NAPHIRI: Eya.

JONI: Nkundisiya ndikuzula zitsa m'munda mwanu, msana kuchita kulira?

NAPHIRI: Zitsazo zinandikanika kuyambira bambo a ana ali moyo. Waganyu amafuna ndalama zambiri. Ndinaona kuti Mulungu wanditumizira ndege. Ndabwera lero chifukwa mwafika pa nandolo.

JONI: Ufiti ulipo wamitundumitundu! Mundilipira, alamu. Tikaonana kwa amfumu.

NAPHIRI: Tiyeni. Tikafotokozenso za waya wa khola lanu la nkhukulo.

JONI: Waya watani?

NAPHIRI: Wokhuthala bwino, wosachita dzimbiri, woti m'sitolo za ku Limbe simungamupeze pa mtengo umene munanena uja. Munati munagula kwa yani?

JONI: Kwa mnyamata wina wake. Amachokera cha ku Lunzu uko.

NAPHIRI: Cha ku Lunzu. Kufupi ndi kuti?

JONI: Dziko ndi lalikulu, alamu.

NAPHIRI: Mu January 2019 ndege za South African Airways zinaleka kutera pa Chileka. Mukukumbuka chifukwa chake, inu katswiri?

JONI: Amati galimoto yozimitsa moto ndi ambulansi sizinali bwino.

NAPHIRI: Ndi chiyaninso?

JONI: Ndi... mpanda. Unali wobooka.

NAPHIRI: Anthu anadula. Ziweto ndi anthu nkumalowa mmene afunira. Woyendetsa ndege akutsika ndi anthu ake, kutsogolo kuli galu akuwothera dzuwa. Chaka chomwecho anatsekanso msewu waukulu wa ndege miyezi ingapo kuti aukonze, ofuna ndege zikuluzikulu nkumakwera basi mpaka ku Lilongwe. Inu mukufuna bwalo latsopano pamene lakale mwalisandutsa khola!

JONI: Palibe umboni! Waya alibe dzina. Mwina unachokera ku esiteti.

NAPHIRI: Ndiye kuba ku esiteti ndi sakaramenti?

JONI: Sindinabe, ndinagula. Komanso nkhuku zanga nazo ndi zouluka. Wayayo sanasinthe ntchito kwenikweni.

NAPHIRI: Mikolongwe yanu yonenepayo iuluke? Ikalumpha chikuni imapuma kaye.

JONI: Chabwino. Mwandichititsa manyazi, ndine munthu wopemphera. Mawa m'mamawa ndimasula waya yense, ndimukulunga, ndikamusiya kwa amfumu aone okha kopita naye.

NAPHIRI: Mwatero ndiye bwino.

JONI: Nkhuku zonse 40 zizingoyendayenda.

NAPHIRI: Ziziyenda kuti?

JONI: Kumene zifuna. Ndaona zimakonda kuyang'ana dimba lanu la mpiru lija.

NAPHIRI: Iii, taimani kaye. Musapupulume. Zinthu za boma zimafuna ndondomeko.

JONI: Mpanda wa dziko, alamu. Galu pamsewu wa ndege.

NAPHIRI: Mubweze mbali zitatu. Mbali yoyang'ana kwa ine itsale mpaka ndikolole mpiru.

JONI: Khola la mbali imodzi munaliona kuti? Nkhuku sizidziwa kuzungulira?

NAPHIRI: Ndiye mbali zinazo mutseke ndi nsungwi. Ndikupatsani za kudambo kwanga.

JONI: Ndi mazira a ganyu ya zitsa.

NAPHIRI: Mazira muli nawo anu. Ndikupatsani mkaka lita imodzi.

JONI: Malita 5, ndi mabatire.

NAPHIRI: Awiri. Mabatire ndigula ndekha, ndipo wailesiyo izikhala kwanga. Inu muzibwera kudzamvera nkhani mpaka kumapeto, mutakhala pansi, khasu mutasiya kunyumba.

JONI: Nanga zimbudzi ziwiri zija nditani nazo?

NAPHIRI: Muzigwiritsa ntchito, alamu! Mosinthanasinthana!

(Chitseko cha khola chikugwa. Nkhuku zikubalalika.)

JONI: Alamu, thamangani! Zalowera kumpiru!

NAPHIRI: Mwamasula kale? Munati mawa! Shii! Shii! A Joni, gwirani tambalayo!