Ngwazi Yosunga Njuchi M'lamba

Akatswiri a mbiri ya makomiki, amene ndi timabuku tofotokoza nthano kudzera m'zithunzi zotsatizana zokhala ndi mawu ochepa, amagwirizana kuti kutuluka kwa Superman m'chaka cha 1938 kunadzetsa mpungwepungwe pakati pa osindikiza mabuku a ku America, popeza aliyense anayamba kufuna ngwazi yakeyake yovala zothina ndi yothibula zigawenga. Mphamvu zolemekezeka, monga kunyamula galimoto ndi kuthamanga kuposa sitima, zinatha msanga, ndipo ochedwa anangotola zotsalira, monga achitira munthu wofika pa kaunjika dzuwa litapendeka. Mwa zotsalira zimenezo munatuluka Red Bee, ngwazi imene mlembi wa danga lino waipatsa nthawi yochuluka kuposa imene anapatsa maphunziro ake a sekondale.

Red Bee anaonekera koyamba mu July 1940 m'kabuku koyamba ka Hit Comics, kosindikizidwa ndi kampani ya Quality Comics, ndipo amene anampeka, Toni Blum ndi Charles Nicholas, anabisala m'dzina lopeka la B.H. Apiary, nzeru imene mlembiyu anaizindikira mochedwa, dzina lake litadziwika kale kwa onse amene amam'funa ngongole. Masana ngwaziyi inali Rick Raleigh, wachiwiri kwa woimira boma pa milandu mumzinda wongopeka wa Superior City, koma akaona kuti chigawenga chazemba chilango m'bwalo la milandu, ankavala chophimba kumaso, malaya ofiira a manja otukumuka ndi buluku wothina wa mizere yofiira ndi yachikasu, n'kupita kukamaliza mlanduwo ndi zibakera. Chida chake chachikulu chinali njuchi yophunzitsidwa, dzina lake Michael, imene inkakhala m'kachipinda ka m'chitsulo chomangira lamba, ndipo zinthu zikathina ankaitsegulira kuti ikalume mdani.

Pamenepa m'pofunika kuimapo pang'ono, chifukwa sayansi ya njuchi sigwirizana ndi nthanoyi ngakhale pang'ono. Njuchi yaimuna ilibe mbola, yaikazi yogwira ntchito imafa ikaluma munthu chifukwa mbola yake imatsalira pakhungu, ndipo ngakhale itapanda kuluma aliyense, nyengo yotentha moyo wake ndi wa masabata pafupifupi asanu ndi limodzi basi. Komabe Michael anatumikira m'timabuku 24, mpaka chaka cha 1942, zimene zikusonyeza kuti mwina bwana Raleigh ankalemba ntchito njuchi yatsopano mwezi uliwonse n'kuipatsa dzina lomwelo pofuna kupewa kulipira chipukutamisozi kwa anamfedwa a mumng'oma. Mlembiyu, amene m'lamba mwake simutsala malo ngakhale a nyerere chifukwa cha mimba imene mayi a kunyumba amaitcha katundu wa banja, amaona kuti kuika chinthu cha mbola pafupi chotero ndi malo ofunikira ndiko kulimba mtima kwenikweni kwa ngwaziyi. Pachikuto cha kabuku kachisanu, chojambulidwa ndi Lou Fine, Red Bee akulimbana ndi chinsomba cha mlomo wosongoka m'madzi, malo amene njuchi singathandize kanthu.

Kampani ya Quality Comics inatseka m'chaka cha 1956, ngwazi zake zinapita m'manja mwa DC Comics, ndipo Red Bee anagona m'kabati mpaka 1984, pamene Roy Thomas anamuukitsa m'nthano za All-Star Squadron, zonena za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Kuukitsa, m'chilankhulo cha makomiki, ndiko kubweretsanso munthu woiwalika m'nthano yatsopano, koma kwa Red Bee kunatanthauza kuitanidwa kudzafa, pakuti chigawenga cha chipani cha Nazi chotchedwa Baron Blitzkrieg chinamupha iye akuyesa kupulumutsa anzake. M'chaka cha 1990 Grant Morrison anamuonetsa mu Animal Man ali kudziko kumene ngwazi zoiwalika zimadikirira kukumbukiridwa, ndipo mu 1997 James Robinson anamukhazika paphwando la mizimu ya ngwazi zakufa mu Starman. Mlembiyu amaumvetsa bwino moyo wotere, popeza naye abale amam'kumbukira pokhapokha pakasowa wonyamula mabenchi pamaliro, ndipo nthawi ya chakudya ikakwana dzina lake limaiwalikanso.

Cha m'ma 2006 ndi 2007, olemba Jimmy Palmiotti ndi Justin Gray anapereka dzinali kwa Jenna Raleigh, mdzukulu wa m'bale wake wa Rick, amene anavala chovala cha nkhondo cha makina chokhala ndi njuchi za maloboti, motero ntchito ya Michael inalandidwa ndi makina popanda ndi kalata yothokoza yomwe. Mu 2023 Kyle Starks anabweretsanso Red Bee ali nkhalamba m'nthano yoseketsa ya Peacemaker Tries Hard!, umboni wakuti chimene chasunga ngwaziyi kwa zaka zoposa 80 ndi lamba uja, pamene anzake ambiri a mphamvu zenizeni a m'chaka cha 1940 palibenso wowatchula.

Kuchokera mu 1942 kufika mu 1984 panadutsa zaka 42, ndipo mlembiyu, atawerengetsa kuyambira tsiku limene anaitanidwa komaliza kukalankhula pa ukwati, wapeza kuti mpata wake wachiwiri udzafika mano atatha m'kamwa. Mayi a kunyumba, atauzidwa zotsatira za kafukufukuyu, anangofunsa ngati kampani ya DC Comics imagulanso amuna ogona m'kabati, ndiponso ngati imabwera yokha kudzatenga.