Zamveka M'tauni: Chikondi Choyambira Kuntchito

Okonda kuwerenga akangokumana masiku ano, kaya kusaluni kaya pa lanchi, macheza sachedwa kufika pa mabuku a chikondi choyambira kuntchito. Amene anakulira pa mabuku a Mills & Boon ndi Pacesetters, aja ankabisidwa m'kati mwa makope kusekondale, akuti mwambowu sunathe ayi, wangosamukira pa foni.

Buku lomwe lili m'kamwam'kamwa ndi The Hating Game la Sally Thorne wa ku Australia, lomwe linatuluka mu 2016 ndipo filimu yake inabwera mu 2021. Lucy ndi Joshua amagwira ntchito pakampani yosindikiza mabuku, madesiki awo ndi oyang'anizana, ndipo akulimbirana udindo umodzi. Amakhalirana ngati mphaka ndi khoswe. Koma atsikana a kusaluni akuti iwo anadziwiratu komwe zikupita, chifukwa Lucy analoweza ndondomeko yonse ya mitundu ya malaya a Joshua. Akuti munthu amene umadana naye zenizeni sungadziwe malaya amene avale mawa!

Amayi akuluakulu chawasangalatsa ndi The Spanish Love Deception la Elena Armas, la mu 2021. Catalina, yemwe amagwira ntchito ku New York, ananamiza akwawo kuti ali ndi chibwenzi. Ukwati wa m'bale wake utayandikira ku Spain, Aaron, mnzake wa kuntchito yemwe sankamwerana naye madzi, anadzipereka kukaimira chibwenzicho. Amayiwa akuseka mpaka misozi, ati kwathu kuno bodza lotere silingagone. Azakhali angomukhazika mnyamatayo pamkeka, n'kumufunsa kwawo, mfumu yake ndi dzina la amalume ake, basi zonse zaululika nsima isanapse.

Pamene pabuka mkangano weniweni ndi pa The Love Hypothesis la Ali Hazelwood, nalonso la mu 2021. Olive ndi wophunzira za sayansi payunivesite ya Stanford, pomwe Adam ndi pulofesa pomwepo. Ena akuti palibe cholakwika poti Adam si amene amayang'anira maphunziro a Olive. Ena akukanitsitsa, ati wamkulu ndi wamkulu basi, ndipo wamng'ono zimamuvuta kunena kuti ayi. Ogwira ntchito m'maofesi olemba anthu ntchito akukumbutsanso kuti lamulo la Gender Equality Act la mu 2013 limaletsa kuvutitsa munthu pa nkhani zogonana, ndiye bwana asabisale kuseri kwa mabukuwa.

Abambo nawo akuti sawerenga zoterezi, komabe pa mkanganowu akumatchula mayina a Lucy ndi Joshua osaphonya.

Ine mabukuwa ndimawakonda, ndipo ndikuona chifukwa chake akugwira anthu mtima. Pa chibwenzi cha Loweruka aliyense amabwera atatchena, mawu ali okoma. Kuntchito munthu umamuona Lolemba m'mawa atatopa, umaona mmene amayankhulira ndi mlonda, mmene amachitira akalakwitsa, komanso ngati amatsala kukuthandiza lipoti anzanu onse ataweruka. Khalidwe silibisika pamenepo. Nkhanizi zimakoma kwambiri awiriwo akakhala pa msinkhu umodzi pantchito, pamene aliyense angathe kuvomera kapena kukana popanda kuopa kuti malipiro ake akhudzidwa. Chikondi chotero n'chimene owerenga ambiri akuchiombera m'manja, ndipo nanenso ndili mbali yawo.