Madola Anga Anafika ku Muloza Ine Ndisanawaone

Ku Muloza kuli anthu amene mpaka lero amakhulupirira kuti boma la America linandipatsa madola, ine n'kuwabisa. Sindiwaimba mlandu, chifukwa nkhaniyo inachokera pakamwa panga pomwe.

Ntchito ndinayambira mu labu ku Blantyre, kuwerenga tizilombo ta malungo pa maikulosikopu. Dontho la magazi a mwana pa kagalasi, kuliumitsa, kulinyika mu Giemsa, kenako kuwerama tsiku lonse ukuwerenga tizilombo mpaka maselo oyera akwane 200. Inali nthawi imene Malawi ankasiya Fansidar n'kuyamba LA, mu 2007, ndipo kafukufuku wa malungo anali atagundika. Chaka cha 2006 ofufuza ku Ndirande anali atangoonetsa kuti chloroquine, amene dziko lathu linamutaya mu 1993 lisanatero dziko lina lililonse mu Africa, wayambanso kupha tizilombo. Pepala la kafukufuku wathu likasindikizidwa, ine ndinkathamangira kumapeto, ku ndime yothokoza, kumene ankalemba kuti akuyamika ogwira ntchito mu labu. Dzina panalibe. Ndinkadula mzere kunsi kwa mawuwo n'kupita nalo pepalalo kumudzi kukaonetsa amayi kuti apa akunena ine. Amayi Chingerezi sawerenga, koma pepalalo analisunga m'sutikesi pamodzi ndi khadi la ubatizo.

Ndalama za boma za kafukufuku wa zaumoyo zimagawidwa motsata msinkhu, monga chakudya cha pa sadaka: ana ali ndi mbale yawo, anyamata yawo, akuluakulu yawo. Ku bungwe la National Institutes of Health la boma la America, limene ambiri timangoti NIH, nthambi ya Fogarty ili ndi D43, ndalama zopita ku sukulu yaukachenjede kuti iphunzitse ofufuza atsopano. Ili ndi K43 ya munthu wa m'dziko ngati lathu amene wangoyamba kuima payekha: amafuna ukhale ndi alangizi awiri, wina wa kuno wina wa ku America, ndipo magawo 75 pa 100 a nthawi yako apite ku kafukufuku, kwa zaka zosapitirira 5. Pamwamba pake pali R21 ya zaka 2 yoyesera ganizo latsopano, kenako R01, mbale ya akuluakulu enieni. Ku Ulaya bungwe la EDCTP, limene linayamba mu 2003, nalonso limasiyanitsa ongoyamba ndi okhazikika. Ngakhale kuno kwathu, pakati pa 2008 ndi 2013, kunali pulogalamu ya HRCSI pansi pa National Commission for Science and Technology, ya ndalama zochokera ku boma la Britain ndi Wellcome Trust, ndipo ophunzira anali ndi khomo lawo losiyana ndi la akatswiri.

Zonsezi zinalembedwa poyera. Ine powerenga ndinkalumpha ndime yonena za oyenera kupempha, maso n'kukatera pa nambala ya madola.

Ndiye nditangolandira digiri yachiwiri, inki isanaume, ndinati R01 ndi yanga. Tsiku lina lotsekera mapempho atsopano ndi 5 February, choncho tchuthi chonse cha Khirisimasi ndinachithera ku Muloza ndikulemba pulopozo. Mvula ya kunsi kwa phiri la Mulanje mukuidziwa. Magetsi akathima ndinkalemba m'kope la mwana wa achemwali, akayaka n'kukopera pa kompyuta. Netiweki inkagwira bwino pa chulu cha kuseri kwa khola, ndipo foni ikatembenuka pang'ono inkalumphira netiweki ya tsidya lina la malire, ku Mozambique, mayunitsi n'kutheratu. Ana a m'mudzi ankaima patali kuonerera bambo wa digiri atakhala pa chulu ndi ambulera, akukalipira foni. Pa chulu pomwepo m'pamene ndinadziwira kuti munthu satumiza yekha pempho lotere. Imatumiza ndi sukulu kapena bungwe lolembetsedwa, kudzera mwa mkulu wovomerezeka, nthawi isanakwane 5 koloko madzulo. Nditabwerera ku Blantyre, mayi wa mu ofesi yoona za mapemphowa anandifunsa modekha kuti, "Achimwene, mapepala osindikizidwa amene dzina lanu lili poyamba alipo angati?" Ndinayamba kufotokoza za ndime yothokoza ija. Abwana anga anati ingotumizani, mnyamatayu aphunzire.

Pulopozo itapita, ndinabwerera kumudzi pa Pasaka ndili wodzaza. Tikudya chinangwa ndi tiyi pakhonde, amalume anafunsa kuti zolembalemba zija zinatha bwanji. Munthu wanzeru akanati tikudikira. Ine ndinati, ndikupukusa supuni m'kapu ngati nkhani yaing'ono, "Aa, ndi madola 400,000 pa chaka basi, kwa zaka 5."

Amalume sanayankhe. Anamaliza tiyi, anakwera njinga, ulendo wa ku boda. Kumeneko kuli anyamata osintha ndalama amene kwacha, metikali ndi dola amaziwerengera pamtima. Pofika madzulo nambala ija inali itasanduka makwacha, ndipo tsiku la msika ku Limbuli inali itabereka ana. Amayi okha ndi amene anandiitanira kuseri n'kunena kuti, "Mwanawe, fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo." Ndinawayankha kuti sayansi siyenda choncho.

Kwathu mwamuna ndi mwini mbumba, ana a alongo ako ndi ako. Panabwera za fizi, za malata, za njinga yamoto yoti mphwanga azichitira kabaza pakati pa Limbuli ndi boda. Anthu sankapempha mwamwano ayi, ankangondikumbutsa kuti zikafika ndisaiwale. Ku tchalitchi anandisankha kukhala mlendo wolemekezeka pa Pepa Sande, anandikhazika pa sofa yobwereka kutsogolo, kwaya n'kundiimbira. Atandipatsa maikolofoni ndinamva pakamwa panga pakulonjeza matumba a simenti a nyumba ya abusa. Mkazi wanga anali pa benchi ya amayi, ndipo mmene anandiyang'anira ndinadziwa kuti simentiyo idzagulidwa ndi ngongole ya ku banki mkhonde yake. Zinaterodi.

Yankho linabwera chapakati pa chaka. Nthawi imeneyo ku NIH pafupifupi theka la mapempho silinkakambidwa n'komwe pa msonkhano wa ounika, ndipo langa linali m'theka limenelo. Amakutumizirabe ndemanga zawo ndi malikisi, kuyambira 1 mpaka 9, 1 ndiye wapamwamba. Mwana wa ku Malawi safuna womasulira pamenepa, ndi MSCE yeniyeni. Ndinaona ma 7 ndi ma 8, n'kudzitonthoza kuti pa MSCE imeneyo ndi pasi.

Chimene chinandiwawa n'chakuti ounikawo ananena zoona. Funso langa linali labwino, ndipo mpaka pano ndimaliikira kumbuyo. Anthu ambiri a ku Milange amawoloka mtsinje wa Muloza kudzalandira mankhwala a malungo ku zipatala za mbali ino, ena n'kutchula mudzi wa kuno polembetsa. Kodi LA amamumaliza? Akadwalanso amapita kuti? Nanga ziwerengero za malungo za Mulanje zikunena za anthu ati? Koma wounika wina anafunsa kuti odwalawo ndidzawatsatira bwanji m'dziko la eni, chilolezo cha komiti ya ku Maputo chili kuti, makalata opempha chilolezo cha odwala m'Chipwitikizi ndi m'Chilomwe ali kuti, mnzanga wofufuza wa ku Mozambique ndani. M'masamba onse 12 ndinalibe liwu limodzi pa zimenezi. Kwa ine tsidya lija ndi kwa azakhali. Timawoloka popita ku maliro, chimanga chathu chambiri chimachokera komweko pa njinga. Zoti munthu sungatenge magazi a mwana kumeneko popanda boma lina kuvomereza sizinandifike m'mutu. Wounika wina anangolemba mwaulemu kuti wopemphayu sanayambe wayendetsapo ndalama za kafukufuku ngakhale zochepa.

Kumudzi sindinanene kuti ndakanidwa. Ndinati zikuchedwa.

Zinachedwadi. Ndinakachita digiri yachitatu, ndinasindikiza timapepala tanga, ndipo pamapeto pake ndinalandira kandalama ka ofufuza ongoyamba, mbale imene ndinkainyoza ija. M'pamene ndinaona mmene madola a kafukufuku amakhalira. Salowa m'thumba mwako. Amapita ku akaunti ya sukulu, ndipo tambala iliyonse ili ndi mzere wake: mafuta a galimoto, magolovesi, malipiro a anamwino, firiji yozizira mpaka 80 kunsi kwa ziro ndi jenereta yoidikirira magetsi akathima. Sukulu imatengapo gawo lake loyendetsera ofesi, limene NIH imaika pa 8 peresenti ku mabungwe a kunja kwa America. Usanabaye mwana ndi mmodzi yemwe, pulopozo idutse ku komiti yovomereza kafukufuku, monga National Health Sciences Research Committee. Kenako malisiti. Ndinaphunzira kupempha lisiti ngakhale kwa mayi wogulitsa nthochi, iye n'kumandiyang'ana ngati ndadwala.

Chovuta n'chakuti ndalamazo zinabwera ndi galimoto yoyera yolembedwa m'mbali, ndipo ntchito ina inali m'midzi ya kwathu komwe. Galimoto ija itaima pakhomo pa amayi, nkhani yonse inatsimikizika: madola aja afika, mwana wa uje akungokana dala. Ndinayesa kufotokoza kuti si yanga. Amalume anazungulira galimoto, anagogoda tayala ndi ndodo, n'kunena kuti, "Inde, si yanu. Ifenso tikagula mbuzi timati ndi ya alamu." Madzulo ake anandipempha kuti ikatenge matumba a chimanga ku Limbuli. Ndinakana ngati munthu wa malamulo, kenako ndinavomera ngati mphwawo. Dalaivala anandipatsa buku lolembamo maulendo, ndipo pa mzere wa cholinga cha ulendo ndinalemba kuti kukakumana ndi atsogoleri a m'mudzi. Amalume ndi nduna ya amfumu, ndiye silinali bodza lathunthu. Kumapeto kwa mwezi wowerengera ndalama anandiitana, anatsegula bukulo, n'kundifunsa kuti atsogoleriwo anasiya bwanji anankafumbwe kumbuyo kwa galimoto. Mafutawo ndinabweza pa malipiro anga.

Msinkhu umene palibe amene anandichenjeza ndi wapakati. Kandalama ka ongoyamba kakatha, sungapemphenso komweko chifukwa wakula, koma pakati pa akuluakulu uli ngati kamwana. Ku NIH munthu amawerengedwa ngati wongoyamba kwa zaka 10 chilandirire digiri yomaliza, zikatha upikisane ndi anthu amene ali ndi labu zawozawo kuyambira iwe uli ku pulayimale. Ine ndinakakamira dzina la wofufuza wachinyamata mpaka imvi zitafika m'ndevu. Pa msonkhano wina wa achinyamatawo mnyamata wogawa mabaji anandilozera ku tebulo la alendo olemekezeka, ndipo ndinachita kumunong'oneza kuti ndine mmodzi wa ophunzira. Ambiri a msinkhu wanga timakhalira kupachika dzina pa pulopozo ya pulofesa wa ku America kapena ku Britain, iye mwini kafukufuku, ife oyang'anira mbali ya kuno. Njira imeneyi inagwedezeka mu 2025: mu January boma la America linaimitsa thandizo lambiri lopita kunja, ndipo mu May NIH inalengeza kuti yasiya kachitidwe kakale kopatsira mabungwe akunja ndalama kudzera m'sukulu za ku America. Pa WhatsApp ya anzanga munali zii kwa masiku angapo, kenako aliyense anayamba kufunsa za ulimi wa nkhuku.

Maiko a mu Africa anagwirizana kale zoika 1 peresenti ya chuma chawo pa kafukufuku, koma ambiri sanafikepo. Choncho funso la malungo a pa Muloza limadikira msonkho wa munthu wa ku Ohio amene sadziwa kuti Muloza ali kuti. Ndikakhala pa mowa ndimaikamba nkhaniyi mokweza ndithu. Ndikakhala pa kompyuta ndimasintha funso langa kuti lifanane ndi zimene opereka ndalama alengeza chaka chimenecho, ndipo ndalisintha kambiri moti azakhali a ku Milange atuluka m'pulopozo osatsanzika.

Masiku ano achinyamata amabwera kwa ine kudzapempha kalata ya mlangizi. Posachedwapa kunabwera mtsikana wa ku Phalombe, wanzeru zoopsa, digiri yachiwiri ili m'manja, akufuna R01. Ndinamukhazika pansi n'kumulangiza mwachifatse kuti ayambe ndi zazing'ono, asindikize kaye mapepala, awerenge ndime ya oyenera kupempha asanayang'ane madola, ndipo koposa zonse asatchule nambala kumudzi. Ndinamuuzanso kuti pa pempho laling'onolo asaiwale kuika dzina langa, ndi kagawo ka malipiro anga pa bajeti. Analemba zonse m'kope mwaulemu, kenako anadzutsa mutu.

"Zikomo kwambiri, adokotala. Nanga inuyo R01 yanu yoyamba munaipeza muli ndi zaka zingati?"

Ndinayang'ana wotchi n'kumuuza kuti ndili ndi msonkhano wina pa Zoom, tidzapitiriza Lachinayi.