Naini Yanga ya Sayansi

Kuyambira pamene ndinabwera kudzakhala chikamwini m'mudzi uno wa ku Katete, aliyense amadziwa kuti pa mayeso a Giredi 12 ine ndinapeza 9 mu sayansi. Sindinaname ayi. Nambalayi ilipodi pa setifiketi yanga, ndipo anailemba ndi a Examinations Council of Zambia eni ake. Chimene sindinawauze apongozi anga n'chakuti pa mayeso amenewa nambala zimayenda chafutambuyo: 1 ndi ya katswiri, 9 ndi ya uja amalemba dzina lake n'kuyamba kuwerenga malata kudenga. Iwo atamva 9 analulutira, nati mwana wawo wakwatiwa ndi dokotala amene wangosowa chipatala. Ine ndinangoti zii. Mkamwini satsutsa apongozi.

Bodza lotere limagona tulo tabwino mpaka tsiku limene mwana wako wafika Giredi 12. Wanga wachisamba, mtsikana, akulemba chaka chino. Nditayamba kudandaula za ndalama ya tushoni, amake anandiyang'ana modabwa. "Atate ake, tikalipirenji kwa eni pamene 9 tili nayo m'nyumba muno?" Ndinatsokomola, ndinayang'ana nkhuku, nkhuku nazo zinayang'ana kumbali. Madzulo omwewo ndinapezeka ndakhala pampando pakhonde, mwana ali pamphasa ndi mulu wa mapepala a mayeso a zaka zapitazo.

Funso loyamba linali losavuta moti ndinaseka. "Atate, weight ya thumba la chimanga la 50 kg ndi yotani?" Ndinati mwanawe, funso limeneli lasenza yankho lake pamutu, ndi 50 kg. Iye anapukusa mutu mwaulemu, monga amachitira mwana woleredwa bwino akamapha atate ake. Anati 50 kg imeneyo ndi mass, kuchuluka kwa chimangacho, ndipo sikusintha ngakhale mupite nacho kuti. Weight ndi mphamvu imene dziko likukokera thumbalo pansi, ndipo imayezedwa mu ma newton. Kilogalamu iliyonse dziko limaikoka ndi ma newton pafupifupi 10, ndiye thumba limodzi ndi 500 N. Ndinaimirira ndi ukali. Zaka zonsezi msana wanga wakhala ukusenza 500, koma ogula mbewu aja amabwera ndi masikelo awo akhala akundilipira za 50? Mwana anati ku mwezi thumba lomwelo lingapepuke kufika pa gawo limodzi mwa magawo 6. Ndinati asauze munthu, ogula mbewu angamve n'kukatsegula msika kumeneko.

Anandiuzanso kuti nambala yopanda yuniti aphunzitsi amaidula. Ukalemba 500 yokha, wochonga sadziwa ngati ukunena ma newton, makwacha kapena mbuzi. Mawu amenewa anandilasa penapake, koma ndinadziletsa.

Tsiku lachiwiri tinafika kwa Isaac Newton, Mngelezi amene mu 1687 anasindikiza malamulo atatu a kayendedwe ka zinthu. Mwana atawerenga lamulo loyamba, lakuti chinthu chikayamba kuyenda chimapitirizabe mpaka china chake chichiletse, chipsera cha pachipumi panga chinayamba kuyabwa. Lamulo limeneli ine ndinakumana nalo maso ndi maso, kungoti sitinauzane mayina.

Chinali chaka china nditakolola bwino. Ndinamanga matumba awiri pa kaliyala wa njinga yanga ya Eagle, zija zinkapangidwa ku Chipata, ulendo wochokera chaku Sinda kulowera ku Katete. Njingayo ilibe mlandu, ndinene poyera. Ndalama ya mabuleki ndinali nditaimwera tiyi ndi zitumbuwa, ndipo ntchito ya mabuleki inkagwiridwa ndi patapata wa kumanja, amene ndinkakanikiza pa tayala la kutsogolo. Ndisanalowe mu Great East Road pali kamtsetse kena kamene ana amatsikapo akuimba. Ndili pakati pa kamtsetseko, nkhumba inatuluka m'tchire, n'kuima pakati pa njira ngati wapolisi wofuna laisensi. Patapata anayesetsa, ananunkha ngati tayala lopsa, kenako anaduka lamba. Tayala linakagunda chitsa. Njinga inaima pomwepo, koma ine ndi matumba palibe anatiuza kuti ulendo watha. Tinapitiriza.

Nkhani imeneyi kwa zaka zambiri ndakhala ndikuisimba kuti inali ya anthu ansanje, amene anaona nkhokwe yanga itadzaza n'kutumiza nkhumba. Mwana wanga m'malo mondimvera chisoni anatenga cholembera. Anafunsa kuti kamtsetseko n'kotalika bwanji kuchoka pamwamba kufika pansi. Ndinati mwina mamita 5. Anawonkhetsa ine makilogalamu 60, matumba 100, njinga 20, zonse 180. Anachulukitsa 180 ndi 10 ndi 5, napeza kuti pamwamba pa chitunda ndinali nditasunga mphamvu yokwana ma joule 9,000. Naini inanso, imene inkandidikira kuthengo. Mphamvu imeneyi, anatero, siitayika, imangosintha maonekedwe. Potsika inasanduka liwiro, ndipo pakanapanda chondigwira ndikanafika pansi ndikuthamanga mamita 10 pa sekondi, omwe ndi makilomita 36 pa ola. Ina inasanduka kutentha, ndiye fungo la patapata lija. Dzina lake friction, kukhulana kwa zinthu ziwiri. Yotsalayo ndi imene inalemba siginecha pachipumi panga.

Ndinati nanga matumba aja anandipezeranji pamsana ine nditagwa kale? Anati nawonso ankamvera lamulo lomwelo, ndipo ndinawamanga m'mwamba kwambiri, kulemera konse kunali kutali ndi nthaka, n'chifukwa chake njinga inkagwedezeka ngati munthu wochokera ku kachasu. Lamulo lachitatu ndiye linandimaliza. Akuti pamene ine ndinamenya nthaka, nthakayo inandibwezera ndi mphamvu yofanana ndendende. Ndinati ngati zinali zofanana, bwanji ku St Francis anasoka ine, nthaka osaisoka? Mwana anati funso limenelo silibwera pa mayeso.

Chimene chimandiwawa mpaka lero si chipsera. Ndi munthu wina wa m'mudzi uno amene ndakhala osamupatsa moni wabwino zaka zonsezi pomuganizira kuti ndiye anatumiza nkhumba ija, pamene wolakwa anali Mngelezi amene anamwalira mu 1727.

Phunziro la kutentha linatipeza tili pafupi ndi khitchini, ndipo ndinalakwitsa kusasuntha mpando. Mwana anafunsa chifukwa chimene mthiko umakhala wa mtengo osati wa chitsulo. Ndikukonza kukhosi kuti ndiyambe ndi mbiri ya makolo, mawu anatuluka mu utsi: "Chitsulo chimatenga moto wa mumphika n'kukupatsira m'manja, mtengo umakana." Mwana anachonga. Nanga madzi a mumtsuko amaziziriranji kuposa a m'chigubu cha pulasitiki? "Mtsuko umatuluka thukuta, thukutalo likamauma limapita ndi kutentha." Anachonganso. Nanga mpeni wonola umaduliranji msanga? "Mphamvu yonse imasonkhana pa kamalo kakang'ono." Amake mwanayu sukulu analekezera Giredi 7. Mayankho onsewa anapereka akuvundula nsima, osatembenuka n'komwe. Mwana ankangowonjezera mayina a Chingerezi, conduction, evaporation, pressure, ngati munthu woika zilembo pa matumba amene wina wadzaza kale. Ine ndinathandiza pogwedeza mutu, kusonyeza kuti ndikuvomereza mayankhowo.

Za magetsi ndingodutsapo mofulumira, chifukwa nkhaniyo ikadali yaiwisi m'banja. Chilala cha 2024 chitaphwetsa madzi ku Kariba, a m'tauni anayamba kulira mdima umene ife tinabadwiramo. Ine ndinagula kasola ndi batire la 12 V, n'kulumikiza mababu atatu pa waya mmodzi motsatizana ngati mikanda. Anayaka ngati ziphaniphani zodwala malungo, ndipo limodzi litapsa onse anazima. Ndinati wogulitsa anandibera. Mwana tsopano wandiuza kuti ndinawalumikiza mu series, mababuwo ankagawana ma volt 12 aja, lililonse 4. Akanakhala mu parallel, lililonse ndi njira yakeyake, akanalandira 12 yathunthu. Wogulitsa uja nayenso ndinasiya kumupatsa moni. Mndandanda wa anthu ofunika kuwapepesa ukukula msanga kuposa nzeru zanga.

Kenako kunabwera alamu anga ochokera ku Vubwi, amalume ake a mwanayu, amene pa Chichewa mawu awo pa iye amalemera kuposa anga, kaya muwayeze mu makilogalamu kaya mu ma newton. Anafika tsiku limene chizimalupsa chinali kukonzekera, mitambo itada bii chaku mapiri a Mphangwe. Kutang'anima, alamu anati mphenzi imeneyo si yachabe, ilipo nyumba imene yatumidwako. Mwana sanatsutse amalume ake. Anangoyamba kuwerenga chapansipansi, wani, thu, fili, mpaka sikisi, ndiye bingu linagunda. Anati mphenziyo yagwa pa mtunda wa makilomita awiri. Kuwala kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi, ndiye kumafika nthawi yomweyo, koma phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 okha pa sekondi, motero masekondi atatu alionse ndi kilomita imodzi. Anawakumbutsa za ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba, kumapeto kwa Ogasiti, pamene Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana kwa Kalonga Gawa Undi. Ukaima kutali ndi bwalo, dzanja la woimba ng'oma umaliona likutsika, koma mawu a ng'omayo amafika mochedwa pang'ono ngati mlendo wa njinga. Alamu anavomera kuti zimenezo anazionadi, ngakhale anaonjezera kuti kudziwa mtunda sikuchotsa mfundo yakuti yatumidwa.

Apa ndinaona mpata wobwezera ulemu wanga. Ndinati tiyeni ndikuwerengereni bwino ine mwini 9, ndipo ndinapita kukaima pansi pa mtengo wa mango waukulu uja kuti mvula isandinyowetse ndikuchita sayansi. Mwana anakuwa, ulemu wonse ataiwala: "Atate, chokanipo! Mphenzi imakonda chinthu chachitali!" Nthawi yomweyo kunang'anima, ndipo bingu silinadikire ngakhale wani. Amati wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, koma ine ndinakwatira ku Katete. Kuchoka pa mango kufika pakhonde ndi mamita 20, ndipo mwana akuti ndinatha masekondi 4. Liwiro ndi mtunda kugawa ndi nthawi, ndiye mamita 5 pa sekondi. Ndi funso lokhalo limene ndinayankha ndi thupi langa lonse n'kukhoza. Patapata mmodzi anatsala pansi pa mtengo mpaka m'mawa.

Usiku umenewo chikumbumtima chinandikana tulo. Ndinadzutsa amake mwana, ndinati pali chinthu chimene ndakhala ndikubisa chokhudza 9 uja. Iwo sanatsegule ngakhale maso. "Kuti munalephera? Ndinadziwa tisanakwatirane. Mlongo wanga wa ku Vubwi yemweyu ndiye anandiwerengera setifiketi yanu." Ndinafunsa kuti nanga bwanji sananene. Anati amayi awo anali atalulutira kale, ndipo nthungululu siibwezedwa m'kamwa. Ndinati nanga mwana? Anati mwana anadziwa ali Giredi 8.

Ndinakhala tsonga pamphasa. Ndiye munandiikiranji pampando masabata onsewa ngati mphunzitsi? Apa anatembenuka. Anati aphunzitsi a sayansi anauza ana kuti njira yabwino yokonzekera mayeso si kuloweza fomula ngati pemphero, kapena kuthamangira mapepala onama aja anthu amagulitsa mwakabisira nyengo ino. Njira yake ndi kupeza munthu wosadziwa kalikonse, wouma mutu, wokonda kutsutsa, n'kumufotokozera mpaka amve. Ana ena akuti anavutika kumupeza munthu wotere, ena mpaka anakabwereka kwa aneba. "Ife tinali ndi mwayi, atate ake. Gonani."

Sindinagone. Ndinayesa kukwiya, koma mkwiyo unasowa pogwira, chifukwa mwana uja mapepala akale akuwakhoza tsopano, ndipo akakumana ndi funso la mphamvu ndi liwiro ndimamumva akuseka yekha, ndikudziwa kuti waona nkhumba. M'mawa ndinapita kukapereka moni kwa munthu wa nsanje uja. Anadabwa kwambiri moti anafunsa ngati kwathu kwagwa maliro.

Ntchito yanga sanandichotse. Madzulo alionse ndimakhalabe pampando uja, ndipo mawa tiyamba za magalasi ndi kuwala, kumene ndamva kuti ndodo yoviikidwa m'madzi siithyoka monga ndakhala ndikuuzira anthu. Inu amene muli ndi ana olemba mayeso chaka chino ndipo mukusowa munthu womufotokozera, ndimapezeka Loweruka masana, mtengo wake nkhuku imodzi. Tsiku la pepala la sayansi ndidzamuperekeza ndekha pa njinga. Mabuleki ndagula, a kutsogolo ndi a kumbuyo omwe.