Kawailesi Kakufuna Chiyani?

Ku Lifidzi mbatatesi zikagulidwa, kawailesi ka memori khadi nako kamafuna kukwezedwa pa udindo. Nanga mukagulire chiyani? Wogulitsa pa msika wa Ulongwe adzakulozerani khadi yolembedwa 64GB, yotchipa kuposa ya 8GB. Musadabwe ikaiwala theka la nyimbo za Lucius Banda musanafike kunyumba. Mahedifoni? Agogo adzati mwayamba umbombo, kumvera nyimbo nokha ngati mukudya nkhuku yakuba. Sipika yaikulu imangomaliza batire msanga, anansi n'kumavina ulere. Gulani kasola, abale. Dzuwa la ku Angónia silifunsa ngati muli ndi metikali kapena kwacha, kungoti mwezi wa Juni limafika pantchito mochedwa.